Buku, shehe kapena foni: mudzera iti poyeretsa mtima?

M'zaka za m'ma 1370, Asilamu a mumzinda wa Granada, m'dziko lomwe lero ndi Spain, anagwirana pakhosi pa funso limodzi: kodi munthu wofuna kuyeretsa mtima wake angadalire mabuku okha, kapena ayenera kukhala pamapazi a shehe? Olemba mbiri amati mkanganowo unafika pomenyana ndi nsapato. Zitakanika, katswiri wa Sharia wotchedwa al-Shatibi analembera kalata anthu ophunzira a ku Fez, ku Morocco, kuti aweruze mlanduwo. Ibn Abbad wa ku Ronda anayankha, ndipo Ibn Khaldun anachita kulemba kabuku kathunthu pa nkhani yomweyi, kotchedwa Shifa al-Sa'il.

Funsolo silinafe. Ife tangowonjezerapo foni.

Nkhani yake ndi ya tasawwuf, ndiye kuti Usufi, imene ena amakonda kuitcha tazkiya, kutanthauza kuyeretsa nafsi (mtima ndi zilakolako zake), kapena ihsan. Dzina lomalizali likuchokera m'hadisi ya Jibril, pamene Mtumiki (SAW) anati ihsan ndiko kumupembedza Allah ngati ukumuona, ndipo ngati iwe sukumuona, Iye akukuona. Ndikudziwa kuti kwathu kuno nkhani imeneyi imatukusula mabala akale a pakati pa a Qadiriya ndi a Sukuti, za sikiri (kumutchula Allah mokweza pagulu) pamaliro ndi zina zotero. Mlandu umenewo sindiuzenga pano. Ndikulembera munthu amene amaswali kasanu koma akamapereka salamu sakumbukira kuti wawerenga sura yanji, amene kaduka kamamudya mnzake akagula galimoto, amene lilime limamupulumuka pamiseche ngakhale ali mkati mosala Ramadhan. Wotereyu wafika posankha njira, ndipo njirazo sizifanana pamtengo ngakhalenso pangozi zake.

Zoyezera

Musanayeze njira, dzifunseni kaye kuti mukufuna chiyani. Apa Ibn Khaldun anatithandiza, chifukwa anagawa kulimbana ndi nafsi m'magawo atatu. Gawo loyamba ndi taqwa: kusiya haramu ndi kukwaniritsa faradhi, kunja ndi mkati momwe. Limeneli n'lokakamizika kwa Msilamu aliyense, ndipo iye anati buku likhoza kukwanira. Lachiwiri ndi istiqama, kuwongola khalidwe mpaka lifanane ndi la m'Qur'an ndi la Mtumiki (SAW). Apa mphunzitsi amathandiza kwambiri, ngakhale munthu angayendeko pang'ono popanda iye. Lachitatu ndi kashf, kuchotsedwa kwa chophimba cha mtima kudzera m'kudzipatula, kusala kwambiri ndi zikiri yosalekeza. Pamenepo anati popanda shehe musayerekeze n'komwe. Ambirife timafunsa za gawo lachitatu tisanamalize loyamba.

Njira iliyonse ndiiyeza ndi zinthu zinayi. Mtengo, ndipo sindikunena makwacha okha ayi, komanso nthawi ndi ufulu umene mutaye. Kupezeka, kutanthauza mtunda, chilankhulo, komanso ngati khomolo n'lotsegukira amayi. Chisamaliro, kutanthauza zimene muyenera kumachita tsiku ndi tsiku kuti moto usazime. Ndi zoopsa zake.

Pali muyeso wina umene suli wokambirana. Junayd wa ku Baghdad, amene anamwalira mu 910 ndipo Asufi onse amamutcha mtsogoleri wawo, ankati njira yawoyi ndi yomangiriridwa ku Qur'an ndi Sunnah. Njira iliyonse yokuuzani kuti munthu akafika pamwamba Swala imamuchoka, kapena kuti haramu imasanduka halali kwa "ofika", yagwa mayeso isanalowe n'komwe m'kalasi.

Njira yoyamba: zikiri za m'Sunnah, panokha

Izi ndi zikiri za m'mawa ndi madzulo, matasbihi 33 pambuyo pa Swala, istighfar, kumufunira zabwino Mtumiki (SAW), gawo la Qur'an tsiku lililonse ndi maraka angapo a tahajjud. Imam al-Nawawi, amene anamwalira mu 1277, anazisonkhanitsa m'buku lake la al-Adhkar.

Mtengo: palibe. Ngakhale tasbihi ya mikanda siyofunika, zala zilipo. Mphindi 15 pambuyo pa Fajr ndi zina 15 dzuwa likamapendeka n'zokwanira poyambira.

Kupezeka: iyi ndiyo njira yokhayo imene ili pakhomo pa aliyense, mayi woyamwitsa, mlonda wa usiku, woyendetsa kabaza. Palibe shehe wa mbali iliyonse angakutsutseni. Qur'an inamasuliridwa kale m'Chichewa ndi m'Chiyao, choncho tanthauzo la zimene mukuwerenga mukhoza kulidziwa.

Chisamaliro: vuto lonse lili apa. Palibe wokufunsani mukajomba. Sabata yoyamba mumayamba ndi moto, yachitatu mumapezeka mukuwerenga zikiri diso lili pa WhatsApp. Mankhwala ake anawanena kale Mtumiki (SAW), kuti ntchito imene Allah amaikonda kwambiri ndi yopitirira ngakhale ikhale yochepa. Tengani zochepa zimene simungazisiye ngakhale tsiku la maliro. Ibn Ata'illah wa ku Egypt analangizanso kuti usasiye zikiri chifukwa choti mtima sulipo, pakuti kusachita zikiri n'koipa kuposa kuichita mtima uli kwina.

Zoopsa: n'zochepa, koma zilipo. Lilime likhoza kuzolowera mtima osadziwa kanthu, zaka n'kumapita. Ndipo zikiri payokha sikuuzani kuti ndinu wodzikuza. Munthu akhoza kutha mikanda ya tasbihi ali wankhanza kwa mkazi wake, popanda womuloza chala.

Njira yachiwiri: mabuku a akuluakulu akale

Pano ndiima pang'ono, chifukwa ndi njira imene ndinayamba nayo ndipo inandiphunzitsa mondipweteka.

Buku lalikulu pa nkhaniyi ndi Ihya Ulum al-Din la Imam al-Ghazali, amene anabadwa mu 1058 n'kumwalira mu 1111. Lili ndi mabuku 40 m'zigawo zinayi: ibada, zochitika za tsiku ndi tsiku monga kudya, ukwati ndi malonda, kenako zowononga mtima, pomaliza zopulumutsa. Chimene chimandigwira mtima mwa al-Ghazali n'chakuti amalankhula ngati munthu wodziwa msika. Amati nafsi yako uitenge ngati mnzako wochita naye geni. M'mawa mugwirizane mfundo, masana uziyang'anira, madzulo muwerengetsane ndalama ndi katundu mpaka tambala yomaliza. Amene anasiyirapo wachibale okala kwa mwezi umodzi akumva zimene akunena.

Ena ndi awa. Bidayat al-Hidaya, la al-Ghazali yemweyo, ndi lalifupi ndipo limakuyendetsani kuyambira podzuka mpaka pogona. Risalat al-Mu'awana la Imam al-Haddad wa ku Tarim, ku Yemen, amene anamwalira mu 1720, nalonso ndi la oyamba kumene. Risala ya al-Qushayri, yolembedwa mu 1045, imafotokoza mawu a Asufi ndi mbiri za akuluakulu awo. Ndipo kwa amene mawu oti "Sufi" amamuyabwa, pali Madarij al-Salikin la Ibn al-Qayyim, wophunzira wa Ibn Taymiyya. Ambiri sadziwa kuti bukuli ndi ndemanga pa kabuku ka Msufi, al-Ansari wa ku Herat, kofotokoza masiteji 100 a woyenda ulendo wopita kwa Allah.

Mtengo: mumalipira kamodzi, buku n'kukhala lanu mpaka adzukulu. Timabuku tating'ono n'totsika mtengo, koma Ihya yathunthu imaboola m'thumba, makamaka ikachita kuitanitsidwa kunja. Mtengo weniweni ndi nthawi, chifukwa awa si mabuku owerenga m'minibasi.

Kupezeka: chopinga ndi chilankhulo. Gwero lake ndi Chiarabu, ambiri anamasuliridwa m'Chingerezi, ndipo wodziwa Chichewa kapena Chiyao chokha amadalira womuwerengera. M'Chiarabu ambiri amapezeka ulere pa intaneti.

Chisamaliro: tsamba limodzi kapena awiri patsiku, n'kuyesa kuchita zimene mwawerengazo musanatsegule lina. Kuwerenga ndi mwalimu kapena ndi anzanu awiri atatu pambuyo pa Isha kumaposa kuwerenga nokha kutalitali.

Zoopsa: choyamba n'chodziwika, kuti mu Ihya muli mahadisi ena ofooka, ena opanda gwero. Katswiri wa hadisi Zayn al-Din al-Iraqi, amene anamwalira mu 1404, anawafufuza limodzi ndi limodzi, ndipo mabuku ambiri osindikizidwa amaika ndemanga zake m'munsi mwa tsamba. Gulani lotero. Chachiwiri ndi kulumpha makalasi. Mabuku a Ibn Arabi si a munthu amene sanakhazikike pa aqida, amasokoneza ngakhale ophunzira.

Chachitatu ndi chimene chinandigwera ine. Ndili mnyamata ndinawerenga mutu wa riya, kuchita ibada kuti anthu akuone, ndipo unandilowa mpaka m'mafupa. Ndinasiya kuswali sunna mumzikiti poopa kuti ndikudzionetsera. Ndinasiya kukhala pamzere woyamba. Koma chodabwitsa, ndinayamba kuyeza anzanga: uyu akutalikitsa sijida chifukwa waona alendo, uyo akulira pa duwa kuti timutame. Ndinasanduka wapolisi wa mitima ya anthu, ndikudziyesa wodzichepetsa. Mwalimu wina wachikulire, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo, anandiona kuti ndasintha. Nditamufotokozera, sanasiye n'komwe kupalasa makina ake. Anangonditchulira mawu a Fudayl ibn Iyad, akuti kusiya ntchito yabwino chifukwa cha anthu ndiye riya imeneyo, kuichita chifukwa cha anthu ndi shirk, ndipo ikhlas ndi pamene Allah wakupulumutsa ku zonse ziwiri. Kenako anati, "Mwana wanga, mankhwala aja munamwa a matenda a munthu wina." Buku limafotokoza matenda onse, koma silikugwira pamkono kuti likuuze ako ndi ati.

Njira yachitatu: kulowa twariqa, pansi pa shehe

Iyi ndiyo njira yakale ya makolo athu ambiri m'mbali mwa nyanja. Twariqa ndi gulu la Asufi lotsatira njira ya shehe amene analiyambitsa, ndipo ziwiri zimene zinafika kuno kudzera kugombe la Afrika ya kum'mawa ndi Qadiriya ndi Shadhiliya. Qadiriya imatchedwa ndi dzina la Shehe Abdul Qadir al-Jilani wa ku Baghdad, amene anamwalira mu 1166, ndipo ku Zanzibar ndi madera ozungulira inafalikira kwambiri kudzera mwa Shehe Uways wa ku Barawa, ku Somalia, amene anaphedwa mu 1909. Shadhiliya ndi ya Abul Hasan al-Shadhili, amene anamwalira ku Egypt mu 1258. Kunja kuli zina zambiri: Tijaniya imene ili ndi mphamvu ku Senegal ndi Nigeria, Naqshbandiya imene imadziwika ndi zikiri ya chamumtima, ndi Chishtiya ya ku India, imene abale athu okhala ku Durban amakumana nayo m'mizikiti yoyambitsidwa ndi Soofie Saheb.

Kulowa kwake n'kotere: mumagwirana dzanja ndi shehe kapena khalifa wake, mumalapa, mumalonjeza kutsatira, iye n'kukupatsani wiridi, ndiye kuti zikiri zanu za tsiku ndi tsiku. Shehe woona amakhala ndi silsila, mndandanda wa aphunzitsi kuchokera kwa iye kubwerera m'mbuyo, ndi ijaza, chilolezo chochokera kwa mphunzitsi wake.

Amene sanaimepo m'bwalo la sikiri sangamvetse chimene chimakokera anthu. Ndimakumbukira usiku wina kumudzi kwa agogo, nyali ya parafini itapachikidwa pamtengo wa mango, amuna ataima mozungulira mapewa atagundana, wotsogolera ali pakati akuwomba m'manja kuti mawu ayendere limodzi. La ilaha illa Allah ankayamba pang'onopang'ono, kenako n'kumafulumira mpaka mawu atha, kutsala mpweya wokha wotuluka m'zifuwa za anthu onse ngati chifuwa chimodzi. Msodzi ndi mphunzitsi wa pasukulu ankaima phewa ndi phewa. Buku silingakupatseni zimenezo.

Mtengo: kulowa sikugulitsidwa, ndipo amene akukutchulirani mtengo wa bay'a, lonjezo logwirana dzanja lija, mumuthawe. Koma pali zopereka za ziyala, mpunga ndi mbuzi ya sadaka, thiransipoti yopita kumisonkhano, ndi mphatso kwa shehe malinga n'kuthekera kwanu. Pachaka zimaunjikana ndithu. Mtengo waukulu ndi ufulu wanu, chifukwa mwavomera kuti wina akuuzeni zimene simukufuna kumva.

Kupezeka: ku Mangochi, Machinga, Zomba, Salima ndi Nkhotakota simuchita kufufuza, ndipo zonse zimachitika m'chilankhulo chanu. Amayi nawonso ali ndi malo awo kuyambira kale. Ku Nkhotakota mmodzi mwa amene anakhazikitsa Qadiriya anali mayi, Mtumwa binti Ali, amene anaitenga ku Zanzibar. Koma tisiyanitse zinthu ziwiri. Gulu la sikiri n'losavuta kulipeza. Shehe wolera, amene amamudziwa wophunzira wake payekha n'kumuuza kuti iwe vuto lako ndi mkwiyo, iwe ndi kukonda kutamandidwa, ameneyo ndi wosowa. Ibn Abbad anadandaula za kusowa kwake zaka zoposa 600 zapitazo, ndipo anati mphunzitsi wophunzitsa amafunika kwa aliyense, pamene wolera amafunika makamaka kwa amene nafsi yake ili yaliuma.

Chisamaliro: wiridi ndi ngongole ya tsiku lililonse. M'twariqa zingapo, monga Tijaniya ndi nthambi za Shadhiliya, maziko ake ndi istighfar ka 100, swalawati ka 100 ndi La ilaha illa Allah ka 100, m'mawa ndi madzulo. A Tijaniya amalimbitsa kwambiri: wiridi ikakudutsa umaibweza, pali zikiri ina ya tsiku ndi tsiku yotchedwa wazifa ndi zikiri ya pagulu Lachisanu madzulo, ndipo suloledwa kuphatikiza ndi twariqa ina. Funsani malamulo onse musanatambasule dzanja. Ubwino wake ndi wakuti gulu limakunyamulani. Mukasowa kawiri, wina amabwera kudzagogoda.

Zoopsa: njira imene ili ndi phindu lalikulu ndi imenenso ili ndi dzenje lakuya. M'mabuku ena muli mawu akuti wophunzira akhale m'manja mwa shehe ngati mtembo m'manja mwa wosambitsa. Kwa shehe woopa Allah, mawuwa amatanthauza kusiya makani. Kwa wadyera, ndi kiyi wa nyumba yanu, chikwama chanu, nthawi zina ngakhale mwana wanu wamkazi. Amene anayamba kuchenjeza za mashehe onyenga si adani a Usufi ayi, koma Asufi eniake. Ahmad Zarruq wa ku Fez, amene anamwalira mu 1493, analemba buku lonse lowavula. Al-Qushayri akusimba kuti Abu Yazid al-Bistami anayenda ulendo kukaona munthu wina wotchuka kuti ndi walii. Atafika anamuona akulavulira malovu cha ku Qibla, ndipo anabwerera osamupatsa n'komwe salamu, nati munthu amene sangasunge mwambo umodzi wa Mtumiki (SAW) angadalirike bwanji pa zimene akudzitchulazo. Abu Yazid yemweyo ankati ngakhale muone munthu akuuluka m'mlengalenga, musatengeke mpaka muone mmene amachitira ndi malamulo ndi zoletsedwa.

Ndiye mukamuyeza shehe, za maloto ndi zozizwa ziikeni pambali. Muoneni pa Fajr. Funsani amene anachita naye malonda, funsani anansi ake. Kodi amakhala kwayekha ndi akazi a eni? Kodi mukamufunsa umboni amakwiya? Kodi ophunzira ake akale ndi anthu ofatsa, kapena ndi aja amanyoza aliyense wosakhala wa gulu lawo? Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Choopsa china n'chakuti sikiri ikhoza kukula mpaka kuphimba maphunziro, munthu n'kumachezera m'bwalo usiku wonse koma Fatiha osaitha bwino, Fajr n'kumupeza ali mtulo. Shehe Abdul Qadir mwiniwake anali katswiri wa fiqhi ya Hanbali wokhala ndi madrasa, ndipo buku lake la al-Ghunya limayamba ndi malamulo a ibada lisanafike pa za mumtima.

Njira yachinayi: maphunziro a pafoni

Mtengo: maphunziro ambiri ndi aulere, mwachitsanzo a SeekersGuidance, koma bandulo si yaulere. Mavidiyo amadya kwambiri, choncho koperani mawu okha mukapeza intaneti yabwino.

Kupezeka: kwa wodziwa Chingerezi, Chiarabu kapena Chiswahili, dziko lonse lili m'manja. Mlongo amene ali ku Leicester kapena mnyamata wogwira ntchito pafamu ku Limpopo akhoza kumvetsera buku lathunthu likuphunzitsidwa mutu ndi mutu. M'Chichewa zilipo zochepa, makamaka maulaliki oyenda m'magulu a WhatsApp ndi mapologalamu a pa Radio Islam.

Chisamaliro: sankhani mphunzitsi mmodzi ndi buku limodzi, mulimalize, muli ndi kope ndi cholembera. Mukapanda kutero mudzakhala munthu wa tizidutswa, lero mphindi imodzi ya uyu, mawa ya uyo, mtima kumva kukoma koma osasuntha.

Zoopsa: chipangizo chimene mukufunira mankhwala ndi chomwecho chimene chimabweretsa matenda. Pakati pa darasa ndi miseche pali chala chimodzi. Mphunzitsi wa pafoni sakuonani, ndipo inu simungamuone pa Fajr kapena kufunsa anansi ake. Palinso aja olemba kuti ndi mashehe a zinsinsi, olonjeza dzina lobisika la Allah lobweretsa chuma kapena kubweza mwamuna wothawa mukangotumiza ndalama pafoni. Ameneyo ndi sing'anga wovala kanzu. Chenjeraninso ndi timawu tokoma tomwe timayenda pa Facebook m'dzina la Rumi. Jalal al-Din Rumi, amene anamwalira ku Konya mu 1273, anali katswiri wa fiqhi ndipo ndakatulo zake n'zodzaza ndi Qur'an, koma zambiri zoyenda m'Chingerezi anazichotsa Chisilamu chonse, zina si zake n'komwe.

Njira yachisanu: kuchoka pakhomo kwa kanthawi

Al-Ghazali mwiniwake anachita zimenezi. Mu 1095, ali mphunzitsi wamkulu pa madrasa ya Nizamiya ku Baghdad, anadziona kuti akuphunzitsa pofuna ulemu, lilime lake linauma mpaka kulephera kuphunzitsa, ndipo anasiya zonse n'kupita ku Damascus. Anabwerera ku ntchito yophunzitsa mu 1106. Koma onani kuti asananyamuke anasiyira ana ake chakudya.

Masiku ano ena amapita ku Tarim, ku Yemen, kumene kuli Dar al-Mustafa ya Habib Umar bin Hafiz ndi Dar al-Zahra ya amayi. Pafupi ndi kwathu pali Zanzibar, ndi Lamu ku Kenya kumene kuli mzikiti wa Riyadha wa Habib Swaleh. Ndipo pafupi kwambiri pali itikafu ya masiku 10 omaliza a Ramadhan, mumzikiti wa kwanu komweko.

Mtengo: Tarim ndiyo yodula kuposa zonse: ndege, viza, ndalama zakunja zimene n'zovuta kuzipeza, ndi miyezi yosagwira ntchito. Zanzibar mukhoza kufika pabasi kudzera ku Songwe ndi Dar es Salaam, kenako pachombo. Itikafu imangofuna mkeka, chofunda, wokubweretserani futari ndi chilolezo cha abwana.

Kupezeka: ku Tarim popanda Chiarabu mukavutika, ndipo Yemen yakhala pankhondo kuyambira 2014, ndiye ulendo wake si wongodzukira. Kugombe mukafuna Chiswahili. Njira imeneyi imakomera achinyamata osakwatira ndi akuluakulu amene ana awo anakula.

Chisamaliro: ntchito imayamba mukabwerako. Swahaba wina, Hanzala, anadandaula kuti wasanduka munafiki, chifukwa akakhala ndi Mtumiki (SAW) ankakhala ngati akuona Jannah ndi Moto, koma akabwerera kwa akazi, ana ndi minda ankaiwala zambiri. Anayankhidwa kuti pali nthawi ya ichi ndi nthawi ya icho. Mukabwera opanda wiridi yaing'ono yoti muigwire, pakatha miyezi itatu chotsala ndi kilemba chokha.

Zoopsa: kusiya banja pa njala m'dzina la kufuna Allah ndi tchimo, si ibada. Kubwerako ndi mtima wonyoza mashehe a kumudzi amene anakuphunzitsani alifu ndi bee ndi matenda oposa amene munapita nawo. Ndipo khalwa ya masiku 40, ija ya kudzitsekera ndi kuchepetsa kudya ndi tulo, musaiyese nokha chifukwa choti mwaiwerenga. Imatha kusokoneza mutu. Amene ali kale ndi vuto la nkhawa, kusowa tulo kapena waswasi wopitirira muyeso ayambe waonana ndi achipatala.

Ndiye nditenge iti?

Ngati Swala zisanu sizinakhazikike, kapena simukudziwa bwino zimene zimaononga udhu, musavutike ndi za twariqa kapena Tarim. Pitani kwa mwalimu wa pamzikiti wanu mukaphunzire fiqhi, ndipo gwirani njira yoyamba. Chimodzimodzi amene mwangolowa kumene Chisilamu.

Ngati munabadwira m'banja la Qadiriya kapena Shadhiliya ndipo sikiri ili m'magazi, palibe chifukwa chothawira kwanu. Khalani momwemo, koma onjezerani buku. Pemphani shehe wanu kuti pambali pa bwalo pakhale darasa la Bidayat al-Hidaya kapena Riyad al-Salihin, buku la mahadisi la al-Nawawi, ndipo mmene angayankhire pempho limenelo mudzadziwa zambiri za iye.

Ngati mtima wanu sukhazikika ndi bay'a, mabendera ndi sikiri ya mokweza, simunatsekeredwe kunja. Al-Adhkar, Riyad al-Salihin ndi Madarij al-Salikin zikukwanirani zaka zambiri. Kungoti musasandutse kutsutsa anzanu kukhala wiridi yanu.

Mayi wa ana aang'ono, kapena bambo wogwira ntchito ya mashifiti: njira yoyamba, kuphatikiza phunziro limodzi la pafoni pa sabata, lomvetsera mukuchapa kapena muli m'basi. Amene muli kunja, ku Johannesburg, Harare kapena Britain, kumene magulu ndi ambiri ndipo simukuwadziwa chiyambi chawo, khalani nawo m'madarasa chaka chathunthu musanapereke dzanja kwa aliyense. Shehe woona sakufulumizitsani.

Wachinyamata amene muli ndi Chiarabu, mulibe banja ndipo makolo avomera, pitani mukaphunzire, zaka zimenezi sizibweranso. Amene muli ndi banja, itikafu ya chaka chino ikhale Tarim yanu.

Ndipo ngati mwafufuza shehe wolera osamupeza, zimene zidzachitikire ambiri, al-Ghazali anatchula njira zina zitatu zodziwira zilema zako. Upeze bwenzi loona, loopa Allah, ulipemphe kuti lizikuuza zimene likuona. Umvetsere zimene adani ako amakunena, chifukwa diso la chidani limaona zimene bwenzi limabisa. Ndipo ukhale pakati pa anthu, chilichonse chimene chikunyansa mwa iwo uchifufuze mwa iwe mwini. Ine ndinayamba ndi yoyambayo. Ndinapempha mnzanga amene timaswali limodzi kuti mwezi uliwonse azindiuza chinthu chimodzi chimene waona. Mwezi woyamba anati ndimadula anthu mawu akamalankhula. Ndinayamba kumufotokozera kuti si choncho iye asanamalize n'komwe.